Ndevu za Apongozi Anga ndi Fumbi la Mpunga

Apongozi anga aamuna ndinkawadziwa mapazi. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi zoona. Nditatha zaka khumi ndi chimodzi pabanja ndi mwana wawo, ndikanatha kukuuzani kuti chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanzere chinang'ambika pakati, kuti nkhwayira zawo zimayamba kutha chakuchidendene, ndiponso kuti akamachokera kumzikiti mapaziwo amakhala oyera mbee. Koma mukanandifunsa kuti maso awo ndi otani, ndikanangoti kukamwa yasa. Kwathu ku Nkhunga anandilanga bwino pokwatiwa: apongozi sawayang'ana kumaso, sadya nawo pamodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada. Komanso ine Chisilamu ndinachilowera kubanja, ndiye ulemuwo ndinkauchita mowirikiza, kuopa kuti angati mkazi wobwera uja alibe mwambo. Za kumutu kwawo ndinkangodziwa zimene munthu amaonera patali, mzuli woyera ndi ndevu zofika pachifuwa.

Vuto lake linali lakuti tinkagwira ntchito malo amodzi. Chinali chigayo chopuntha mpunga, chachikulu ndithu, m'mbali mwa msewu usanafike pa Dwangwa. Iwo omwewo ndi amene anandipezera malo pa sikelo, koma uthenga wake unadzera mwa amuna anga. Iwo ankayendetsa makina ndipo ankalowera khomo lakumbuyo. Ine ndinkalowera lakutsogolo. Zaka zonsezo sitinagundanepo pakhomo.

Pachigayo paja ankandiopa chifukwa cha pakamwa. Ine sindisunga mawu m'mimba, ndinabadwa choncho. Wobwera ndi mpunga wosauma ankabwerera nawo atamva zokwanira ulendo wonse wa ku Kanyenda. Koma za apongozi anga ndinkangomvetsera, chifukwa zimene ankachita ndi makina aja mpaka lero sindizimvetsa. Ankatenga sikuludiraiva, n'kukhudzika nsonga yake pachitsulo, chigwiriro n'kuika kukhutu, basi n'kunena kuti lamba wakumunsi aduka lisanafike Lachinayi. Ndipo ankadukadi. Ali chikhalire panja pa mtengo wa mango ankatha kudziwa kuti mpunga umene ukupunthidwa mkatimo ndi kilombero kapena faya, pongomva kulira kwake. Anyamata ankati mwina pali mankhwala. Panalibe mankhwala, linali khutu la munthu amene wakhala ndi makina amodzi kuyambira tsiku limene anawatsitsa mulole.

China chimene anthu ankawadziwira ndi adhana. Iwo ndiwo ankaitanira anthu ku swala pa kamzikiti ka m'mudzi mwathu, opanda chimkuzamawu. Nditangokwatiwa kumene, ndinkaima ndi ndowa pamutu kumvetsera mmene ankakokera mawu amodzi osapuma, mpaka ine womvera mpweya n'kundithera. Ankamveka mpaka kudambo kwa olima mpunga. Koma zaka zikupita, mawu aja anayamba kufupika. Pomwe ankakoka kamodzi anayamba kudula pawiri. M'mawa uliwonse tinkawamva kuseri kwa nyumba akutsokomola, chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Kuchipatala anawauza kuti si TB, ndi fumbi, ndipo akapitiriza kulipuma mapapo adzatheratu. Iwo anangowirikiza kansalu kamene ankamanga pamphuno, n'kubwerera ku makina awo.

Kenaka kunabwera ogula mpunga a mumzinda, aja oika mpunga m'mapaketi. Anayendera chigayo chonse, n'kuuza bwana wathu kuti sagula ngakhale thumba limodzi ngati antchito akupuma fumbi chonchi. Bwana anaitanitsa mayi wina wophunzitsa za chitetezo cha pantchito. Anali wamfupi, wosalankhula zambiri. Tsiku loyamba sanatipatse pepala lililonse. Dzuwa lili paliwombo anauza anyamata kuti azimitse makina, azimitse magetsi, atseke zitseko zonse, ndipo tonse tikhale chete.

Abale inu, ndinali nditagwira pamenepo zaka zambiri, koma zimene ndinaona tsikulo ndinali ndisanazionepo. Mumdima muja kuwala kunkalowera pa zibowo za misomali kudenga, kutsika ngati nsungwi zoimika, ndipo m'kuwala monsemo munali fumbi. Silinkagwa pansi. Linkangoyandama, likuzungulira pang'onopang'ono, lambirimbiri losawerengeka, lonyezimira mokongola moti unkaiwala kuti ndi loopsa. Mayi uja anauza mnyamata wina kuti aime pafupi ndi kuwala kumodzi n'kukoka mpweya. Tonse tinaona ndi maso athu fumbi lija likupindika, likulunjika pamphuno pake, n'kulowa. Atatulutsa mpweya, lotuluka linali lochepa. Palibe anatsokomola, palibe anaseka. Ine ndinadzipeza nditagwira pachifuwa.

Mayi uja anatibweretsera mamasiki a labala, okhala ndi zosefera ziwiri m'mbali, osati ansalu aja tinkavala nthawi ya mliri. Anati masiki yotere imagwira ntchito pokhapokha labala atamatirira pakhungu kuzungulira konse, popanda podutsa mpweya. Ndiye aliyense ankayenera kuyezedwa. Munthu amavala masiki, pamwamba pake n'kumuveka chipewa chachikulu choonekera mkati, chofika m'mapewa. Woyeza amapopera timankhwala pa kabowo kakutsogolo. Timankhwalato sitipweteka, koma kuwawa kwake ngati ndulu ya nsomba. Ngati masiki yagwira bwino sumva kanthu. Ngati pali mpata, lilime limadziwa msanga. Lamulo linali lakuti wolephera kuyezaku asalowenso m'chipinda cha makina.

Pofuna munthu woti amusiyire ntchitoyo, bwana analoza ine. Anati uyu ndiye saopa munthu. Mayi uja anandiphunzitsa masiku awiri, ndipo pochoka anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ndevu ndi masiki sizigwirizana, ngakhale zamasiku atatu zimatsegula njira. Chachiwiri anachinena akundigwira dzanja.

"Ena adzakunamizani poopa kuchotsedwa. Musamangomvera pakamwa, muziwayang'ana kumaso. Mankhwalawa akalowa nkhope imakwinyika yokha."

Ndinavomera mwamphamvu. Za apongozi ndinazikumbukira galimoto yake itakhota kale.

Anyamata ndinathana nawo bwinobwino. Aliyense wa tindevu tosamveka ndinkamuthamangitsira kwa wometa wa pamsika, ndipo wina amene anafuna kulimba mtima ndinamuyang'anitsitsa mpaka misozi inamugwa, n'kuvomera yekha kuti kwawawa. Ndinkawanyoza kuti amuna athunthu kulira ndi timadzi ta m'botolo. Pofika Lachitatu onse anali atatha, kupatula munthu mmodzi. Ndinapempha kapitawo kuti andiyezere. Anakana, akuti wophunzitsidwa ndine. Ndinauza amuna anga kuti akalankhule ndi bambo awo za ndevu. Anandiyang'ana ngati ndawatuma kukazula mzikiti, n'kunena kuti iwo zimenezo asalowemo. Ndevu zija lezala linali lisanazikhudze chiikireni bambo awo a apongoziwo m'manda, ndipo amuna angawo anabadwa n'kuzipeza.

Ndiye Lachinayi apongozi anabwera. Ndinagwada chapambali, maso pansi, n'kukankhira masiki ndi chipewa pabenchi. Anavala okha. Ine ndinaimirira chowerama, n'kufufuza kabowo kaja ndi dzanja ngati wakhungu, n'kuyamba kupopera. Malangizo ndinkawauza ndikuyang'ana simenti, kuti atembenuze mutu uku ndi uku, ayang'ane kumwamba, awerame, awerenge mokweza. Anachita zonse. Nditawafunsa ngati akumva kuwawa, anayankha mawu ali phee.

"Ayi, mayi."

Koma ine mapazi aja ndinkawadziwa. Ndinaona zala zonse khumi zikupindika, zikukanirira nkhwayira mpaka zikhadabo kuyera. Ndinapoperanso, zala zinapindikanso. Ndinadziwa. Sindinganame kuti sindinadziwe. Iwo ankameza ndulu ija kuti asachoke pa makina awo, komanso kuti asakwinye nkhope pamaso pa mpongozi. Ine ndinkayang'ana pansi kuti ndisaone chimene ndinkachidziwa kale. Tonse awiri tinasunga mwambo bwino kwambiri tsiku limenelo. Ndinatenga fomu n'kusaina kuti apambana, ndipo madzulo amayi osesa anandiuza kuti akuluwo anakhala kuseri kwa mulu wa mankhusu nthawi yaitali akulavula.

Panapita milungu itatu. Anyamata anayamba kunena kuti akumagona bwino, kuti makhololo akuda amene ankalavula asiya. Apongozi ankavala masiki yawo mokhulupirika kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndevu zitatulukira m'munsi ndi m'mbali, koma chifuwa chinali chomwecho. Ine ndinkamva kutsokomola kuja m'mawa uliwonse ndikukoleza moto, ndipo ndinkadziona ngati ndaba.

Lachisanu lina masana, titaweruka msanga chifukwa cha swala ya Ijumaa, ndinali ndikuanika zovala pamene apongozi anayamba adhana. Anayamba bwino. Atafika pakati mawu anaduka. Kunamveka chifuwa, kenaka zii. Mudzi wonse unakhala ngati waima, ngakhale amayi amene ankasinja kuseri anasiya musi m'mwamba. Tinadikira. Patapita kanthawi kunamveka mawu a munthu wina, akumalizitsa. Chikhalireni m'mudzi muja zimenezo zinali zisanachitikepo. Ndinakhala pansi pomwepo, chitenje chonyowa chili m'manja.

Loweruka linali tsiku langa lotsuka mamasiki ndi kusintha zosefera. Ndinkapukuta mkati mwa iliyonse ndi kansalu koyera. Ya mnyamata amene ankaima pafupi ndi apongozi pa makina, kansalu kanatuluka koyera. Nditatsegula zosefera zake ndinadabwa, zinali zitadzaza fumbi lolimba ngati nkhoko za mumphika, moti ndinkachita kulipala ndi chikhadabo. Zonsezo zikanakhala m'chifuwa mwa mwana wa munthu, milungu itatu yokha. Kenaka ndinatenga ya apongozi. Zosefera zinali zoyera, ngati zogula dzulo. Mpweya sunkadutsamo n'komwe, unkangolowera mundevu. Kansalu kopukutira mkati kanatuluka kofiirira. Ndinaganiza za zaka zonse zimene munthuyo anaima m'fumbi lija, n'kumakwerabe pakhonde la mzikiti kasanu patsiku, ndipo ndinachita mantha ndi kulimba kwa thupi la munthu. Ndinachitanso manyazi, chifukwa milungu itatu yomalizayo inali yanga.

Kuti ndiwauze bwanji, ndinasowa. Mpongozi sakhala pansi ndi apongozi n'kumakambirana. Njira imodzi yokha imene ndinkaidziwa yofikira pamaso pawo inali yoperekera chakudya. Ndiye ndinatenga mbale ziwiri zovindikira. M'mbale imodzi ndinaika kansalu ndi chosefera cha mnyamata uja, m'mbale ina zawo. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza pamkeka pakhonde, apongozi aakazi akusankha mpunga chapafupi. Ndinagwada, n'kuika mbalezo, n'kuvundukula.

"Bambo, wonama ndine. Ndinasaina ndisanakuyang'aneni."

Kenaka ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana mkeka, kuti iyi ndi ya uje, iyi ndi yanu, fumbi limene mukuliona apali kwa inu lapita m'chifuwa. Ndinawauza kuti Lolemba ndikang'amba fomu ija pamaso pa bwana, ndipo ndikatero sadzawalolanso kulowa ku makina, pokhapokha masiki itagwira khungu. Mawu akuti ndevu sanatuluke pakamwa panga, ndinalephera. Ndinaona dzanja lawo likutola chosefera chodzaza chija, likuchitembenuza, chala chikupala fumbi. Anachigwira nthawi yaitali. Pomaliza anangoti amva, ndipo ndinanyamuka chobwerera m'mbuyo.

Apongozi aakazi ananditsatira kukhitchini, ndipo tsikulo ndinakumana ndi mnzanga wa pakamwa. Anandifunsa ngati kwathu ku Nkhunga mkazi amalamula nkhope ya bambo wa mwamuna wake. Anati munthu amene anandipezera ntchito ndi yemweyo ndikufuna kumuchotsa, ndipo ndikufuna akaime pamzikiti ngati kamnyamata ka sukulu. Lamulungu lonse palibe anandipatsa moni wa mtima, ndipo chakumasana ndinaona apongozi aamuna atavala kanzu yawo yoyera, akulowera njira ya kwa shehe.

Lolemba ndinalawirira, fomu ili m'chikwama. Ndili pa sikelo ndinamva mlonda akukangana ndi munthu pageti, akumuuza kuti ofuna ganyu adikire panja. Kenaka ndinamva mlondayo akupepesa. Sindinalabadire, ndinali nditawerama ndikumasula thumba. Ndipo patsogolo panga panaima mapazi. Nkhwayira zotha kuchidendene, chikhadabo chong'ambika pakati. Anali atalowera khomo lakutsogolo. Ndinagwada msangamsanga.

"Mayi, tengani chipewa chanu chija. Koma lero mundiyang'ane."

Khosi linakana. Ndikunena zoona, mutu unalemera ngati ndasenza thumba la mpunga. Ndinayamba ndi maondo, kenaka mabatani a ovolosi, limodzilimodzi, mpaka pakhosi pomwe ndevu zinkayambira kuphimba. Panalibe kanthu. Ndinakweza maso.

Nkhope yake inali yaing'ono. Chimenecho ndicho chinayamba kundidabwitsa, kuti munthu amene mawu ake ankafika kudambo ali ndi kankhope kotere, masaya olowa, khosi lowonda. Kuyambira m'masaya kutsika khungu linali loyererako, losaonapo dzuwa zaka zonsezo, ndipo panali timabala tiwiri ta lezala. Maso anali ofiira m'mbali chifukwa cha fumbi, koma ofatsa, ndipo ankandiyang'ana mwamanyazi kuposa mmene ine ndinkawayang'anira. Pakati pa chibwano panali kadzenje. Mwana wanga wamkazi ali ndi kadzenje komweko, ndipo zaka zonsezi tinkakangana ndi amuna anga kuti anakatengera kwa yani, chifukwa kwathu kulibe, iwonso alibe. Kanali kali pamenepo nthawi yonseyi, pansi pa ndevu.

Anyamata anali ataunjikana pakhomo la makina. Likanakhala tsiku lina ndikanawabalalitsa, koma ndinawasiya. Apongozi anakhala pabenchi, ndipo pamene ndinkakonza botolo anandiuza pang'onopang'ono zimene anakambirana ndi shehe. Akuti anakhala mpaka swala ya madzulo, shehe akutsegula mabuku. Mapeto ake anawauza kuti thupi ndi amana, chinthu chimene Mulungu anangotisungitsa, ndipo pamene moyo uli pangozi chilolezo chilipo, ndevu adzasunganso akadzasiya makina. Wometa wa pamsika anakana kuwameta, akuti manja sangalole. Anadzimeta okha pakalilole wa njinga.

Ndinayamba ndi kuwalawitsa mankhwala opanda masiki, monga mmene malangizo amanenera, chinthu chimene tsiku loyamba ndinachilumpha. Nditangopopera kamodzi nkhope yonse inakwinyika ngati ya khanda lomwetsedwa kwinini, ndipo anaseka, nanenso ndinaseka. Anati tsiku lija anameza zonse, ndipo chakudya sichinawakomere masiku awiri. Atatsuka m'kamwa anavala masiki. Lamba wakumanzere anali wokhwepa. Ndinazengereza, iwo n'kupendeketsa mutu kuti ndifikire. Ndinakoka lambayo ndi zala zanga, ndipo ndinaona labala akukhala pakhungu bwinobwino kuzungulira konse.

Ndinawaveka chipewa n'kuyamba kupopera. Atembenuze mutu, ayang'ane kumwamba, awerame, awerenge. Maso anga sanachoke pa maso awo. Sanaphethire mwachilendo, chipumi sichinakwinyike. Ndinapopera mowirikiza kuposa mmene ndinkachitira ndi anyamata, chifukwa ulendo uno ndinkafuna kutsimikiza. Nditawafunsa, anayamba akoka mpweya wautali, chifuwa n'kukwera, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

"Palibe, mayi. Mpweya wokhawokha."

Chizolowezi sichitha, ndinaponyabe diso pansi. Zala zinali zitatambasuka pa nkhwayira.

Ndinang'amba fomu yakale, n'kusaina yatsopano. Misozi inali itayamba kutsika, ndipo ndinapukuta kumaso ndi dzanja lomwe lija ndinagwirira botolo. Mayo ine, kuwawa kwake! Ndinathamangira kuseri kwa mulu wa mankhusu, pamalo pomwe paja iwo anakalavulira, ndipo ndili pomwepo ndinamva makina akuyamba kulira.

Chifuwa sichinathe, ndisakunamizeni, fumbi la zaka zonse zija linali litakhazikika kale. Chinangochepa. Apongozi aakazi anakhala mwezi wathunthu osandilankhula, ndipo akuti masiku oyamba ankafunditsa nkhope yawo ndi mpango amuna awo akalowa m'nyumba, ngati kwabwera mlendo. Lachisanu lotsatira apongozi aamuna anakwera pakhonde la mzikiti chibwano chili pamtunda, anthu akuwayang'anitsitsa, ena akunong'onezana. Anadula mawu pawiri monga mwa masiku onse, koma anamaliza okha.

Anagwira makina aja zaka zina zinayi, akumeta m'mawa uliwonse. Pano anapuma ntchito, ndevu zinameranso, zoyera zokhazokha. Ine ndinabwerera ku mapazi, chifukwa chilolezo chija chinali cha tsiku limodzi. Adhana akuitanabe. Akayamba ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, n'kuima, mpweya wanga nditaugwira, mpaka amalize.